Wotsegula kalata ya mwini ndani? Mbiri ya chinsinsi kwa Khombedza

Uthenga woyamba wobisika kuyenda pa waya kuno kunyanja sudali wathu. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1890, kampani ya Cecil Rhodes idaimika mizati ya telegalafu m'mphepete mwa nyanja, kuchokera ku Fort Johnston, kudzera ku Domira Bay ndi ku Kota Kota, mpaka ku Karonga. Mabwana a boma ndi a malonda akafuna kuti kalaliki wogogoda makina asamve nkhani yawo, ankaitumiza m'manambala ndi m'mawu osokoneza dala. Amene adabwera kudzatilamulira adafika akudziwa kale kutseka mawu awo, ndipo kuyambira nthawi imeneyo olamulira akhala akufuna kuti awo akhale otseka, athu akhale otsekula.

Sikuti makolo athu adalibe njira zawozawo. Kudambwe kuli chilankhulo chake, ndipo mlendo wodzitcha wometa amayamba wafunsidwa mafunso amene wosameta sangayankhe. Sindinenapo zambiri, poti si za m'magazini. Anamkungwi nawo amalangiza namwali m'mawu okuluwika, oti mwamuna wodutsa panjira angamve koma osatolapo kanthu. Anzathu Achiyawo a m'madoko ali ndi za kundagala zimene satulutsa. Za m'nyumba zidali ndi malo ake: banja likavuta, nkhani inkayamba yapita kwa ankhoswe, ndipo inkafika pabwalo la mfumu pokhapokha ankhoswe atalephera. Chinsinsi chidali ndi eni ake, komanso chidali ndi makwerero ake ochitsegulira.

Padalinso njira yachidule, yoopsa. Munthu akamuganizira ufiti kapena chigololo iye n'kukana, ankamumwetsa mwavi. Akasanza ndiye kuti ngosalakwa, akafa ndiye kuti mlandu wamupeza. Kumeneko kudali kutsegula mtima wa munthu mokakamiza, ndipo ambiri adafa opanda chifukwa. Boma la atsamunda lidaletsa mwavi ndi lamulo la za ufiti la 1911. Chimene sichidathe ndi chilakolako cha oweruza chofuna kuona za mkati mwa munthu popanda kuvutika ndi umboni.

Kalata idafika ndi ulendo wa kunja. Sitima ya pamtunda itafika ku Salima mu 1935, njira ya ku Halale ndi ku Joni idafupika. Amuna ankalembetsa ku Wenela kapena ku Mthandizi, ena ankangodziyendera okha, ndipo ena sadabwerenso, n'kusanduka machona. Kumudzi kuno kunkatsala amayi, minda ya thonje ndi ana. Chingwe chokha chomangira banja chidali envelopu, yobwera pa keyala ya sukulu kapena ya mishoni. Aphunzitsi ankaitana maina pamzere wa m'mawa, ndiye tsiku lisanathe mudzi wonse udali utadziwa kale nyumba imene yalandira kalata.

Ine ndidalowa m'nkhaniyi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, ndili mwana wa sukulu wodziwa kuwerenga pakati pa akuluakulu osadziwa. Azakhali anga ankandiitanira kuseri kwa nkhokwe, n'kutulutsa kalata m'mphepete mwa nsalu, ili yofunda ndi thukuta. Asanandipatse ankandiyang'ana m'maso.

"Iwe, uwerenge ndi pakamwa pokha. Za m'menemu zisalowe mumtima mwako."

"Ndamva, azakhali."

"Ndikadzazimva kuchigayo, ndidziwa kuti ndiwe."

Amuna awo nawo sankalemba okha. Kumgodi kudali wowalembera, ndiye nkhani ya anthu awiri inkadutsa m'makutu anayi. N'chifukwa chake adapangana mawu awoawo asanasiyane. Kalata ikati mbuzi ziwiri zikubwera ndi mwana wa uje, sizidali mbuzi koma ndalama zimene munthu wobwerera kumudzi wanyamula. Ikafunsa ngati denga likudontha, inkafunsa ngati achibale a mwamuna akuvutitsa mkazi. Ine ndinkatchula mawu onse bwinobwino, azakhali n'kumagwedeza mutu, tanthauzo lidutsa pamwamba panga. Malipiro anga adali chimanga chootcha kapena kausipa pang'ono. Amayi ena ankayenda mtunda kukafuna mwana wa mudzi wina woti awawerengere, poopa wapafupi. Adazindikira kuti pepala silinena kanthu, wonena ndi munthu woima pakati.

Makalata a ku Joni adachepa mwadzidzidzi mu 1974, ndege yonyamula anthu a ku migodi itagwa ku Francistown mu April n'kupha Amalawi oposa 70. Dr Banda adaimitsa Wenela. Ntchitoyo idayambanso mu 1977 pansi pa dzina la TEBA, n'kudzatheratu chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Koma pofika nthawiyo munthu wapakati woopsa sadalinso mwana wa sukulu. Lidali boma.

Chisokonezo cha nduna cha 1964 chitachitika, a Chipembere, a Chiume, a Chisiza ndi a Chirwa atathawa, sitampa ya ku Tanzania kapena ya ku Zambia idasanduka chinthu choopsa m'nyumba. Lamulo la chitetezo linkalola kutsekera munthu popanda mlandu. Mu 1968 padabwera lamulo lokhazikitsa bungwe lounika mabuku, nyimbo ndi mafilimu. Apolisi a Special Branch ankatsegula makalata ndi kumvetsera mafoni, ndipo panalibe woti n'kuwafunsa chilolezo. Kumudzi kuno sitinkawaona. Tinkaona ayufi pachipata cha msika akufunsa makhadi a chipani, apayoniya, ndi akazitape amene sitinkawadziwa nkhope, mwina munthu womwa naye mowa. A Mboni za Yehova, amene chipembedzo chawo chidaletsedwa mu 1967, ankayenda ndi timabuku tawo tobisa pansi pa ufa kapena pa nsomba zouma. Ambiri adathawira ku Sinda Misale ku Zambia mu 1972, ena adatsekeredwa ku Dzaleka, kuseri kwa mapiri a Dowa amene timawaona dzuwa likamalowa.

Nditayamba uphunzitsi, ndinkalandira makalata a msuweni wanga wa ku Lusaka. Ina idafika itamatidwa kawiri, guluu wachiwiri ali wachikasu, atatulukira m'mbali. M'kati mudalibe china koma za matenda a mwana ndi mtengo wa ufa. Ndidaiwerenga, n'kuiponya pamoto, ndipo kuyambira pamenepo tinkalemberana za mvula zokhazokha. Dzina la munthu wothawa silinkalembedwa. Tikati "malume wa kumpoto wadwala" tinkadziwana. Nzeru ya azakhali ija dziko lonse lidaiphunzira. Akulu adati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata, ndipo masiku amenewo mlomo wa pa pepala unkatsata munthu mpaka kundende ya Mikuyu.

Khoti lidalipo, koma khoti lanji? Kuyambira cha m'ma 1970 makhoti amakolo adapatsidwa mphamvu yoweruza milandu ya imfa, popanda loya woimira woimbidwa mlandu. Mu 1977 khoti lotere lidazenga Albert Muwalo, yemwe adali mlembi wamkulu wa chipani, pamodzi ndi Focus Gwede, yemwe adali mkulu wa Special Branch. Anthu awiriwa adatsekeretsa anzawo ambiri pa mawu a akazitape. Tsiku lawo litafika, umboni wowatsutsa udaphatikizapo makalata opanda dzina la wolemba ndi zimene adalankhulana pa foni zojambulidwa pa tepi. Muwalo adanyongedwa chaka chomwecho, Gwede adakhala m'ndende mpaka 1993. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Nkhani imeneyi ndimaikumbuka nthawi zonse munthu akandiuza kuti chilolezo cha khoti chimakwanira. Chimakwanira ngati woweruzayo ali ndi mphamvu yokana.

Chodabwitsa n'chakuti ulamuliro umene unkatsegula makalata a anthu udagwetsedwa ndi makalata. Ku Mikuyu, kumene Jack Mapanje adakhala kuyambira 1987 mpaka 1991, timapepala tinkazembetsedwa ndi alonda ena achifundo, n'kukafika kwa abwenzi kunja kwa dziko. Pa 8 March 1992 kalata ya maepiskopi a Katolika idawerengedwa m'matchalitchi onse tsiku limodzi. Idasindikizidwa ku Balaka ndi kugawidwa m'dziko lonse akazitape osanunkhiza. Boma lidalengeza kuti kupezeka nayo ndi mlandu, koma makina a fotokope ndi a fakisi m'maofesi a m'tauni adali atayamba kale ntchito usiku. Timapepala topanda dzina tinkafika kwa Khombedza pa basi ya ku Nkhotakota, topindidwa m'sokosi, n'kuwerengedwa ndi nyali chitseko chotseka. Pa 14 June 1993 tidavota pa referendamu, ndipo chaka chotsatira tidalandira malamulo aakulu atsopano.

Amene adalemba malamulowo ankakumbukira guluu wachikasu uja. Gawo 21 limapatsa munthu aliyense ufulu wosunga zake zachinsinsi: asasechedwe thupi, nyumba kapena katundu, asalandidwe zake, ndipo uthenga wake usasokonezedwe, kaya wa pa positi kaya wa pa lamya ya mtundu uliwonse. Gawo 42 limati womangidwa ali ndi ufulu wokhala chete ndipo asakakamizidwe kuvomera mlandu. Gawo 44 limalola kuchepetsa ufulu wina, koma pokhapokha lamulo litanena, pali chifukwa chomveka, ndipo n'zofunikadi m'dziko la demokalase. Aka kadali koyamba kuti chinsinsi cha mlimi wa thonje chikhale ndi mpando m'malamulo a dziko.

Kenaka kudabwera foni ya m'manja. Kampani ya TNM idayamba pakati pa zaka za m'ma 1990, Celtel mu 1999, yomwe idadzakhala Zain kenaka Airtel. Zaka zingapo zitadutsa, msodzi wa ku Chikombe ankatha kufunsa mtengo wa chambo ku Lilongwe asanatsitse nsomba m'bwato, ndipo mayi ankamva mawu a mwana wake wa ku Johannesburg popanda wowerengera. Tidaganiza kuti wapakati wafa. Adangosamukira m'makompyuta a kampani, mmene mumalembedwa nambala imene waimbira, nthawi yake, kutalika kwa macheza, ndi nsanja imene foni yako idali pafupi nayo.

Bungwe la MACRA litagula makina otchedwa CIRMS ku kampani ya ku America, linkati likufuna kuona ngati makampani a mafoni akupereka msonkho wokwanira ndi kutumikira anthu bwino. Anthu adawatcha makina a ukazitape. Nzika zina zidapita kukhoti, ndipo mu 2012 High Court idawaletsa potsamira gawo 21 lija. Mu 2014 Supreme Court idasintha chigamulocho n'kulola. Kaya munthu akondwa ndi chigamulo chomaliza kaya ayi, chimene chidachitikacho sichikadatheka mu 1977: anthu wamba adaimitsa bungwe la boma kwa zaka, pa nkhani ya kumvetsera mafoni, ndipo adabwerera kwawo kukagona. Mu 2017 tidajambulitsa ziphaso za unzika, mu 2018 tidakhala pa mizere kulembetsa masimu khadi, ndipo kuyambira pamenepo nambala iliyonse idamangidwa ku dzina ndi nkhope.

Chaka cha 2016 ndicho chidasonkhanitsa zonse. Mu February apolisi adamanga akuluakulu atatu a MCP, Ulemu Msungama, Peter Chakwantha ndi Jessie Kabwila, amene panthawiyo adali phungu wa Salima North West, powaganizira kuti ankakonza zogwetsa boma pa macheza a pa gulu la WhatsApp. Kuno nkhaniyo tidaimva ngati ya pakhomo. Mlanduwo sudapeze aliyense wolakwa. Mwezi womwewo ku America, khoti lidalamula kampani ya Apple kuti ithandize FBI kutsegula foni ya munthu amene adapha anthu 14 ku San Bernardino. Apple idakana ponena kuti chida chotsegulira foni imodzi chikhoza kutsegula zonse, ndipo FBI idasiya mlanduwo itapeza ena oti aitsegulire. Mu April, WhatsApp idalengeza kuti uthenga wonse wa anthu ake tsopano ukutsekedwa kuchokera pa foni ya wotumiza mpaka pa foni ya wolandira. Chaka chomwecho Nyumba ya Malamulo yathu idavomereza lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act.

Kutseka kumeneku kumayenda chonchi. Uthenga usanachoke m'foni umasandutsidwa manambala osamveka, ndipo kiyi wowabwezeretsa amakhala m'foni ya wolandira basi. Zili ngati mabokosi achitsulo amene a ku Joni ankatumiza ndi loko: kondakitala amadziwa wotumiza, wolandira, tsiku ndi kulemera kwake, koma kiyi alibe. Khoti likalamula kampani kuti ionetse zam'kati, kampaniyo ilibe choonetsa. Chimene ingapereke ndi ndandanda wa amene adalumikizana ndi nthawi yake. Ndandanda wotere si wochepa mphamvu. Pa mlandu wa kuwomberedwa kwa Paul Mphwiyo mu 2013, nthawi ya Cashgate, High Court idatsamira kwambiri mndandanda wa mafoni popeza Ralph Kasambara wolakwa mu 2016, ndipo mkangano wa kulemera kwa umboni wotere udapitirira mpaka pa apilo.

Njira ikatsekeka pakati, ofufuza amapita kumapeto, kwa foni yomwe ili m'thumba ndi kwa mwini wake. Lamulo lathu la 2016 limafuna kuti opereka ntchito zotseka uthenga alembetse ku MACRA ndi kufotokoza mmene njira zawo zimagwirira ntchito, ndipo limalola ofufuza okhala ndi chilolezo cha khoti kusecha makompyuta. Ku Britain adafika patali: lamulo lawo la 2000 limalola kutsekera munthu zaka ziwiri chifukwa chokana kupereka kiyi. Kuno taona kale mbali imeneyi. Mu April 2022 apolisi adagwira mtolankhani Gregory Gondwe ku Blantyre, n'kumulanda foni ndi kompyuta, akufuna kudziwa amene adamupatsa chikalata cha boma. Mu February 2024 adatenga mafoni ndi makompyuta a atolankhani a MBC oposa khumi, ali ndi chilolezo cha khoti m'manja. Ndipo zimene Martha Chizuma, mkulu wa bungwe lolimbana ndi katangale la ACB panthawiyo, adalankhula pa foni zidafalikira mu January 2022 popanda wothyola loko aliyense. Zidajambulidwa macheza ali mkati.

Sindili m'gulu la onena kuti foni isamatsegulidwe konse. Ndaona mayi wamasiye akulira pa benchi ya ejenti, ndalama za thonje zitapita kwa munthu amene adamuimbira kuti mwana wake wachita ngozi. Tonse tamva za mauthenga akuba ochokera m'ndende. Takhala ndi zaka za mantha pamene abale athu achialubino ankasakidwa, ndipo opangana zoterezi amapanganira pa foni. Wapolisi wofufuza milandu imeneyi si mdani wanga. Ngakhale kale, nkhani yolephera ankhoswe inkakwera kubwalo.

Koma inkakwera ndi makwerero, pamaso pa anthu, mwini nkhani ali pomwepo. Zimene ndaona m'moyo wanga zimandiuza kusiyanitsa zinthu ziwiri. China n'chakuti wofufuza apite kwa woweruza, atchule munthu mmodzi, mlandu umodzi, ndi chimene akufuna kupeza, woweruzayo n'kukhala ndi ufulu womubweza. China n'chakuti loko wa aliyense akhale ndi kiyi wapadera wosungidwa ku likulu, kudikira tsiku lofunika. Choyambacho ndi bwalo. Chachiwiricho tidakhala nacho zaka makumi atatu, ndipo sichidagwire akuba okha. Kiyi wotere sakhala wa boma limene mumalikonda. Amatsalira lobwera pambuyo pake, ndi kalaliki aliyense wofuna kugulitsa. Palinso funso limene gawo 42 limadzutsa: ngati sindingakakamizidwe kudzinenera mlandu, nanga manambala amene ndasunga m'mutu angafinyidwe bwanji popanda kubwerera ku mwavi? Patsepatse n'kulanda, mwana wa mfulu apatsa yekha.

Pamene maloya akukangana zimenezi ku Lilongwe, kwa Khombedza chinsinsi chikutayikira poyera. Gogo amapereka foni kwa ejenti n'kutchula PIN yake mokweza, anthu ali pamzere. Foni imodzi imagwiritsidwa ntchito ndi nyumba yonse. Wina amasiya foni yosatseka kokatchaja, wina kwa wokonza, zithunzi ndi mauthenga zili momwemo. Pa gulu la WhatsApp la mpingo kapena la mudzi, munthu amalankhula ngati ali kuchipinda, kuiwala kuti mwa anthu makumi asanu mmodzi akhoza kujambula n'kutumiza kwina. Mwana wa sukulu wowerengera akulu adabweranso, tsopano ndi mdzukulu wogwira foni, ndipo si onse amene amauzidwa mawu amene azakhali adandiuza ine.

Mu 2024 dziko lidalandira lamulo loteteza uthenga wokhudza munthu, la Data Protection Act, ndipo woliyang'anira ndi MACRA yomwe ija. Lamulo lotere limagwira ntchito anthu akamalifunsa. Wapolisi akafuna foni yanu pa rodibuloko ya pa M5, mufunseni mwaulemu chilolezo cha khoti, muwerenge dzina lolembedwapo ndi mlandu wake, ndipo chimene watenga achilembe pa pepala. Phungu akabwera kudzapempha mavoti, pakati pa mafunso a fetereza ndi mijigo pakhalenso ili: lamulo lokhudza mafoni likadzafika m'Nyumba ya Malamulo, adzalola kuti ndani azitsegula, ndipo wotsegula molakwa adzayankha kwa yani?